Tonde wa Yamikani

Takondwa mwana wanga,

Ndakhala pansi pa mango kuseri kwa nyumba. Usipa ndauyanika kale pathandala, iwe wapita ku Lifuwu kukatsanzika azakhali ako, ndiye ndati mpata wake ndi womwewu. Ukakhala pamaso panga mawu amandithawa. Dzulo ndinayamba bwinobwino kuti ndikuuze zakukhosi, koma unaona wekha, ndinathera pokufunsa ngati majuzi auma. Choncho ndikulembera. Dzanja langa linazolowera nsomba, cholembera linachiiwala, ndiye pamene zilembo zapendama ukhululuke.

Mawa ukwera minibasi ya ku Lilongwe, mkuja ndege ya ku Kenya. Wasiya ntchito ya uphunzitsi ku Khombedza, ntchito imene ena akuilirira, kuti ukaphunzire kulemba mabuku a ana. Kugombe kuno azimayi anzanga akundifunsa kuti, "Nanga Nabanda, mabuku a ana amadyedwa?" Ine ndimangoseka. Sukulu ndinalekezera sitandade 7, buku sindinalembepo, choncho za kalembedwe akakuphunzitsa eni ake komweko. Zimene ndingakupatse ine ndi zimene ndinaona ndi maso angawa. Pamene ntchito yakoyi inkabadwa ndinalipo, kungoti sindinaizindikire.

Inabadwira m'wodi ya ana kuchipatala cha kuboma, pambali pa bedi la mlongo wako Yamikani. Iwe unali ndi zaka khumi ndi zitatu, iye zisanu ndi ziwiri. Nthenda ya magazi imene anabadwa nayo inali itatizolowetsa njira ya kuchipatala, koma ulendo umenewo unali wina. Mafupa ankamupweteka mpaka ankaluma chitenje changa. Ndikamuimbira nyimbo za kutchalitchi ankatembenukira kukhoma. Ndikayamba nthano ankandidula kuti, "Imeneyo ndikuidziwa amayi, pamapeto amamumenya." Ndipo sankanama, nthano zanga zonse zinkathera pa chikwapu. Tsiku lina masana sitima ya katundu inalira kusiteshoni, iye n'kukufunsa kuti, "Asisi, njanji imathera kuti?" Ine ndinayankha msangamsanga kuti, "Gona, usavutitse anzako." Iwe unati, "Sindikudziwa. Koma kuli tonde wina wa ku Lifuwu amene anakwera sitima kuti akaone." Yamikani analavula chitenje chija. Anati, "Anakwera bwanji, poti mbuzi saziloleza?"

Ukumbukire pamenepo, mwana wanga. Funso linali la mwana. Ine ndinalitaya, iwe unalitola. Ndinali nditabereka ana awiri, nditalera ana a abale, nditaphunzitsa Sande sukulu, koma funso la mwana ndinkalimva ngati phokoso la udzudzu, chinthu choti ungochiingitsa. Anthu akamanena kuti uli ndi mphatso yolankhula, ine ndimati ayi, mphatso yake ili m'makutu. Ukapita kumeneko ukapeza anthu odziwa mawu ambiri kukuposa. Usakachite nawo mantha, ndipo usakapikisane nawo. Ukapeze pamene ana akusewera, ukakhale pansi, ukatseke pakamwa.

Tonde uja anakula tsiku ndi tsiku. Anabisala m'matumba a chimanga, anadya chipewa cha woyendetsa sitima, anagunda mlonda wa pa siteshoni ya Chipoka mpaka kumugwetsera mu beseni la zitumbuwa. Ana a mabedi ena anayamba kusendera. Kamtsikana kena kamene kanapsa mwendo ndi phala kankabwera chokwawa, mayi ake akukakalipira. Ngakhale azimayi osamalira odwala ankasiya miphika pamoto n'kudzaima pakhomo ngati akufuna china chake. Ine mtima unkandiwawa ndi chinthu chimodzi: mbuziyo inali yamwano ndipo palibe chimene chinkaichitikira. Ndinakukokera pambali n'kukuuza kuti, "Uikemo phunziro. Ana onsewa akumva, aziti mwano ndi wabwino." Unandimvera, poti unali mwana womvera. Mawa lake tonde anathyoka mwendo chifukwa chosamvera make, analira, anapepesa, analonjeza kuti sadzachitanso. Yamikani anakuyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Ameneyo si tonde wanga. Ndi wa amayi." Anafunda kumutu, tsiku limenelo sanadye.

Ndikukupempha, Takondwa, usakalembe tonde wa amayi. Akuluakulu ndi amene amagula mabuku, ndiye udzayesedwa kuti uwasangalatse iwowo. Adzakuuza kuti ikamo ukhondo, ikamo ulemu, ikamo kuipa kwa kujomba kusukulu. Zonsezo ndi zabwino, sindikukana. Koma mwana amanunkhiza malangizo ngati mmene amanunkhizira mankhwala obisidwa m'phala, ndipo akangowamva amakana ndi phala lomwe. Kuchipatala kuja, mawa lake unachiritsa mwendo wa mbuzi ija popanda kufotokoza, ana sanafunse, ulendo unapitirira. Chodabwitsa n'chakuti kamtsikana ka mwendo wakupsa kaja, kamene kankalimbana ndi anamwino nthawi yotsuka bala, kanayamba kuluma mano n'kumati, "Tonde salira." Phunziro linalowa lokha, pakhomo limene ine sindinkalidziwa.

Tsopano ndifike pamene pakulemera. Tsiku lina m'mawa adokotala anatiitanira panja ine ndi bambo ako. Anatiuza mwaulemu kuti zonse zimene akanatha achita, thupi la mwana latopa. Bambo ako anangoyenda kulunjika kugeti. Ine ndinasamba kumaso pampopi, ndinalowa ndikumwetulira, n'kuuza Yamikani kuti, "Adokotala akuti Loweruka tikupita kunyumba." Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Chabwino amayi." Ndinatuluka kukatunga madzi. Pobwerera, ndisanafike pabedi, ndinamumva akukufunsa motsitsa mawu kuti, "Asisi, mwana wa pabedi lija anamutulutsa atamuphimba kumaso. Inenso anditulutsa choncho?" Iwe unati, "Mwina, Yami. Sindikudziwa kuti ndi liti. Koma ine sindichoka pano." Anafunsanso kuti, "Zimapweteka?" Unati, "Sindikudziwa. Ndikuganiza kuti mafupa amasiya kupweteka." Iye anati, "Ndiye fulumirani, tonde akafike."

Zimene ndinachita ukuzikumbukira. Ndinakukokera kukhonde n'kukuwomba mbama pamaso pa anthu, mbama yoyamba ndi yomaliza m'moyo wako. Sindikuzibwereza kuti ndikutsegule bala usiku wonyamuka. Ndikufuna udziwe zimene zinatsatira, zimene iwe sunaone chifukwa unali mwana. Kuyambira tsiku limenelo Yamikani ankati akandiona ndikulowa amakonza nkhope. Ankati, "Amayi, Loweruka tikupita eti?" Ine ndimvekere, "Eya, mwana wanga." Iye n'kundisisita dzanja. Anali akundisunga ine. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, ali pa ululu wotere, anasenzanso katundu wosamalira bodza la mayi ake. Mantha ake onse ankakuuza iwe. Ine ndinkaganiza kuti ndikumutchingira mphepo, osadziwa kuti ndadzitsekera panja.

Choncho ukamalembera ana, usawanamize. Sindikunena kuti uziwathira zoopsa zonse za dziko m'maso. Iwe sunamuuze zimene adokotala ananena, sunamuuze dzina la nthenda. Unamuuza zimene akanatha kunyamula, pamene sunkadziwa unanena kuti sukudziwa, ndipo unakhala pomwepo. Ana a kuno amaona maliro, amaona bambo akupita ku Joni osabwerera, amaona boti likubwera lopanda munthu mmodzi mwera ukawomba. Amadziwa. Chimene amasowa si nkhani, ndi munthu wamkulu wosaopa kukhala nawo m'nkhanimo.

Loweruka tinapitadi kunyumba, koma osati monga ndinanenera. Tonde anali asanafike.

Maliro atatha nyumba yathu inasanduka ina. Bambo ako ankachoka mbandakucha n'kubwera dzuwa litapendeka, kudya, kugona. Dzina la Yamikani linachoka pakamwa pawo. Munthu akalitchula ankadzuka n'kukakhala kumaukonde. Iwe unasiya kulankhula zambiri, kusukulu unkangopita chifukwa ndakudzutsa. Ndiye kunayamba kubwera Asiyatu, mwana wa Abiti Juma oyandikana nafe, amene ankasewera ndi Yamikani chibadwire. Anamvako nkhani ya tonde pamene anabwera ndi mayi ake kudzazonda kuchipatala, ndipo anali ataifalitsa kwa ana onse a kugombe. Ankabwera ndi anzake n'kuima pampanda. "Asisi alipo? Timafuna timve ngati tonde anafika." Ine ndinkapsa mtima. Ndinkati ana opanda chisoni, pakhomo pali maliro iwo akufuna nthano. Tsiku lina ndinawathamangitsa ndi tsache.

Madzulo ake Abiti Juma anabwera ndi mbale ya mpunga. Anakhala pamphasa, tinapatsana moni, kenako anati, "Nabanda, ndamva za tsache." Ndinayamba kudandaula, iwo anandisiya ndimalize. Ndiye anati, "Ife akuluakulu tinalira mokuwa, tinagona pasiwa, tinamuperekeza kumanda. Anawa tinawauza kuti akasewere uko. Wallahi, ndikulumbira, mwana wanga sagona bwino chichokereni mnzake. Mukuganiza kuti akufuna mbuzi? Alira bwanji anawa, ngati si kudzera m'mbuzimo?" Ndi mayi ameneyo amene anakutsegulira njira, osati ine. Ukamanyamuka mawa usadutse pakhomo pawo osalowa.

Nditakupempha kuti uwamalizire anawo nthano ija, unavomera monyinyirika. Ana anakhala pamchenga pansi pa mango omwewa, ine ndili kuseri kwa mpanda ndikunamizira kusankha nsomba. Unafulumira kuimaliza. Unati sitima inakwera phiri lalitali, tonde anamera mapiko, anaulukira kumwamba kumene kulibe ululu, ndipo ali konko mpaka lero akusangalala. Ine misozi inatsika, ndinati yatha bwino. Koma ana anangokhala. Asiyatu anakumba mchenga ndi chala chakuphazi n'kunena kuti, "Mwangothamangitsa, asisi. Tonde sanapite kukafuna mapiko, anapita kukaona pothera njanji. Yami sakanavomera." Unadzuka n'kulowa m'nyumba. Ndinakumva ukulira ngati mmene sunalirire pamaliro.

Apa ndikuuze za ine, chifukwa pamalo omwewo ine ndinagwa. Ndili mtsikana ndinkakonda kulemba chimangirizo kuposa phunziro lina lililonse. Ndinalembapo za tsiku limene mvuu inalowa m'munda wathu wa mpunga, ndinalemba ndi mtima wonse, masamba ambiri. Aphunzitsi anawerenga pamaso pa kalasi akusintha mawu moseketsa, akuima paliponse pamene ndinalakwitsa, kalasi yonse ikugubuduka ndi phwete. Sindinalembenso za mumtima mwanga kuyambira tsiku limenelo mpaka lero lino. Kwa zaka zambiri ndinkati anandipha ndi aphunzitsi aja. Koma ndikaganiza bwino, iwo anandiseka tsiku limodzi lokha, masiku ena onsewo ndinkadziletsa ndekha. N'chifukwa chake nditakumva ukulira ndinati basi, mwana wanga watsata mapazi anga.

Sunatsate. Patapita masiku unaitana wekha Asiyatu. Ulendo uno sunathamange. Tonde anadutsa milatho, anagona ndi njala, anakangana ndi khwangwala, ndipo pomaliza sitima inaima. Anatsika. Njanji inathera pa mulu wa mchenga, pamwamba pake pali kachitsamba kamodzi. Tonde anayang'ana uku ndi uku, n'kunena kuti, "Basi, ndi zomwezi?" Anadya kachitsambako, anagona pamchenga wofunda, miyendo yake imene inatopa ndi ulendo inasiya kupweteka. Ana anaseka pa "ndi zomwezi." Mnyamata wina anafunsa kuti, "Anadzuka?" Unati, "Ayi." Asiyatu anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Eya. Imeneyo ndiye yake." Atatero ananyamuka n'kupita kukasambira.

Ukumbukire Asiyatu, mwana wanga. Kumene ukupitako adzakubwezera zolemba zako zitachekedwachekedwa. Ena adzakudzudzula mwachikondi, ena mwankhanza, ndipo ululu wake umafanana. Ulire, palibe choletsa. Utseke chitseko ulire mokwanira. Koma ukatha ufunse ngati wodzudzulayo sananene zoona, ndipo ubwerere pamchenga. Munthu wolemba si amene sanasekedwepo. Ndipo ukadzayamba kutamandidwa, pakuti tsikulo lidzafika, usadzaiwale kuti amene anakukonza koyamba anali mwana wosavala nsapato, mamina ali mbwee.

Palinso china chimene chikundidetsa nkhawa. Kunja adzakufunsa za kwanu ndi nkhope ya chisoni, ndipo udzaona kuti ukanena za umphawi amatchera khutu kwambiri. Uchenjere pamenepo. Ukukumbuka alendo aja anabwera ndi makamera kudzajambula ana kugombe? Yamikani atamva anathamangira kunyumba, anasamba, anavala shati yake ya kutchalitchi, anadzola mafuta mpaka chipumi kunyezimira. Atafika, alendowo anamukankhira pambali mwaulemu n'kusankha ana a zovala zong'ambika. Anabwera akufufuma ndi mkwiyo. Anati, "Amafuna auve okhaokha." Madzulo ake anakatulutsa mpweya m'tayala la galimoto yawo, ine n'kukapepesa. Ana athu ndi osauka, inde, ena ndi odwala. Koma ali ndi ulemu wawo, ali ndi nthabwala zawo, ali ndi mwano wawo. Usakawavule shati ya kutchalitchi kuti anthu akuombere m'manja. Ndipo chilankhulo chathu usakachisiye m'chikwama. Ulembe m'zilankhulo zonse zimene akakuphunzitse, koma pakhale buku limene mwana wa Asiyatu adzawerenge yekha popanda womumasulira.

Za kudzisamala ndinene mwachidule, poti si iwe mwana. Udye, ngakhale chakudya chili chachilendo. Upeze mpingo. Ntchito yolemba ndikuiona kuti ndi ya munthu mmodzi m'chipinda, ndipo iwe ukakhala ndi chisoni umabisala, ndimakudziwa. Usamakhale sabata yathunthu osalankhula ndi munthu. Ukatiimbira foni usamatiuze zabwino zokhazokha. Nyumba ino inaphunzira kale mtengo wa bodza lotonthoza, sitikulifunanso.

Nditsirize ndi bambo ako. Ukudziwa kuti ulendo wakowu anaukana. Unkaganiza kuti akudandaula ntchito ya boma imene wasiya, ndipo iwonso ankanena choncho. Si zimenezo. Munthu amene anaika mwana mmodzi m'manda, mwana wotsalayo akamakwera ndege mtima suwerenga kuti adzabwera. Usawaweruze chifukwa cha kuuma kwa nkhope. Zaka zonsezi chichokereni Yamikani sanatchulepo dzina lake, ngakhale kwa ine, ngakhale m'pemphero.

Lero m'mawa, utangonyamuka kupita ku Lifuwu, anabwera kuthandala kumene ndinkayanika usipa. Anaima nthawi yaitali akutembenuza nsomba zimene ndinali nditatembenuza kale. Kenako anati, "Mabuku akewo, adzalembamo za ana odwala?" Ndinati kaya, mwina. Anati, "Abusa pamaliro paja anati anali mngelo. Sanali mngelo." Ndinasiya nsomba n'kuwayang'ana. Anati, "Ankandibera nyambo n'kukagulitsa kwa anzake. Anandibowolera bwato ndi msomali kuti aone ngati limira. Anandithira tsabola mu tiyi." Anapitiriza kuti, "Umuuze Takondwa. Akadzalemba za Yamikani, asadzamuyeretse. Alembe mmene analili. Ndikufuna ana adzamudziwe kuti anali wovuta." Analitchula, mwana wanga. Ndinalimva ndi makutu angawa. Ndinati, "Bwanji osamuuza nokha?" Anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndikayamba sindimaliza." Anatenga chipewa chawo n'kutsikira kunyanja.

Ndiye ndakuuza. Mawa ndi iwo amene akuperekeze kudepoti, apempha okha. Ine nditsala, chifukwa ndikapita ndikakuchititsa manyazi pamaso pa makondakitala. M'njira mwina sakalankhula chilichonse, mwina akangokuuza kuti usamale chikwama. Usakawakakamize. Ukangowagwira dzanja minibasi isananyamuke, n'kuwauza kuti uthenga wafika.

Mulungu amene anakupatsa makutu amenewo akutsogolere, akubweze tikadali ndi moyo.

Ndine mayi ako,
Nabanda